Zikomo kwa onse amene anatigwira mkono poyeza mtunda wa ma pulsar

Ntchito yoyeza mtunda wa ma pulsar, nyenyezi zakufa zozungulira mwaliwiro zimene zimathwanima ndi mafunde a wailesi, yafika kumapeto, ndipo tikuthokoza anthu amene mayina awo saoneka pa zotsatira.

Tiyambe ndi inu oyendetsa VLBA, gulu la mbale zolandira mafunde a wailesi ochokera kuthambo, ku Socorro, New Mexico, m'dziko la America. Mbale zake 10, iliyonse ya mamita 25, zatambalala kuchokera ku Mauna Kea ku Hawaii mpaka ku chilumba cha St. Croix ku Caribbean, makilomita oposa 8,000. Chomwe timasaka ndi parallax: dziko likamazungulira dzuwa, pulsar imaoneka ngati ikugwedezeka uku ndi uku. Ikakhala pa kiloparsec imodzi, mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 3,260, parallax yake ndi milliarcsecond imodzi basi, gawo limodzi mwa magawo 3,600,000 a digiri. N'chifukwa chake masiku oiyang'ana sasankhidwa mwachisawawa. Amafunika agwere pamene kugwedezekako kwafika pachimake, miyezi 6 iliyonse, kwa zaka pafupifupi ziwiri, apo ayi parallax imasakanikirana ndi ulendo wa pulsar mwiniwake, womwe nthawi zambiri ndi makilomita mazanamazana pa sekondi. Masiku amenewo munatisungira, ndipo tikuyamika.

Mdani wamkulu ndi ionosphere, gawo la mlengalenga lodzaza ndi ma electron. Pa 1.6 GHz imachedwetsa mafunde a wailesi mosiyanasiyana pamwamba pa mbale iliyonse, ndipo kuchedwako kumasintha ndi ola. Mapu a ma electron opangidwa ndi GPS amachotsa gawo lalikulu, koma chotsalacho n'chokwanira kumeza parallax yonse. Malo a pulsar timawayerekezera ndi quasar, gwero la mafunde lakutali kwambiri, koma ikakhala madigiri awiri kumbali mafunde ake amadutsa mu gawo lina la ionosphere, ndiye cholakwikacho chimakula ndi mpata umene uli pakati pawo. Mankhwala ake ndi kupeza kagwero kena kakang'ono, ngakhale kofooka, kamene mbale imakaona pamodzi ndi pulsar osatembenuka, ma arcminute ochepa chabe kuchokera pa iyo (digiri imodzi ili ndi ma arcminute 60). Amene munasefa magwero ambirimbiri kufunafuna oyenera, zikomo kwambiri. Ndi ntchito yotopetsa: ambiri amatayidwa chifukwa ndi otambalala, ndipo ena maonekedwe awo amasintha pakati pa ntchito n'kukoka malo a pulsar.

Tikuthokozanso anzathu owerenga kugunda kwa ma pulsar. Nthawi zimene munatipatsa ndi zimene zinauza correlator, kompyuta yophatikiza zimene mbale zonse zalandira, kuti izitsegula khomo pokhapokha pulsar ikuthwanima. Ngati kuthwanimako kumatenga 5 peresenti ya kuzungulira kwake, chizindikiro chimamveka bwino kuposa kanayi. Nthawizo zikakhala zakale, kapena pulsar ikasintha liwiro mwadzidzidzi, khomo limatsegukira phokoso lokhalokha.

Ma pulsar ambiri mtunda wawo umangoyerekezedwabe pogwiritsa ntchito dispersion measure, muyeso wa ma electron amene mafunde a pulsar adutsamo, ndi mapu a ma electron a mu mlalang'amba wathu wa Milky Way, monga NE2001 ndi YMW16. Kafukufuku wa PSRπ, amene anatuluka mu 2019 atayeza ma pulsar 57, anaonetsa kuti mapuwa nthawi zina amaphonya kwambiri. Inu amene mumawakonza, landirani miyeso yathuyi ndi kuthokoza kwathu: ndi mapu anu amene anatithandiza kusankha ma pulsar otheka kuwayeza.