Khutu la adalaivala

Fodya ndinasiya kamodzin'kamodzi, popanda mapiritsi kapena zomata pakhungu zogula ku famase zija. Mayi a kunyumba ali ku Mangochi anawerengetsera marandi amene ndinkawotcha pogula ndudu imodziimodzi pa spaza (kagolosale ka m'dera), n'kupeza kuti bwenzi titafolera nyumba ndi malata. Anawaululira ndi achimwene awo, alamu anga amene timagona chipinda chimodzi ku Yeoville, kuno ku Joni. Iwo omwewo anadzilemba ntchito yaupolisi. Anataya laita, n'kundigulira mtedza ndi chingamu.

"Alamu, chikonga chimavuta masiku oyambirira okha. Chibaba chikabwera imwani madzi, pakangopita mphindi zochepa chimatha."

Zoona ndithu, koma wolangizayo sanasutepo n'kamodzi komwe.

Chimene sanandiuze ndi cha mphuno. Munthu akasiya fodya mphuno imatseguka. Wina akayatsa ndudu ku Rockey Street, ine ndili pabedi ndinkangomva ngati wayatsira pansi pa bulangete langa.

Lolemba m'mawa tinakwera takisi yopita m'tauni. Alamu anathamangira kumbuyo, ine n'kutsalira mpando wakutsogolo. Amene simunafikeko ku Joni, dziwani kuti kuno kulibe kondakitala. Wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amalandira ndalama zochokera mzere ndi mzere, n'kubweza chenji. Ntchito imeneyi imafuna mutu wozizira, pomwe wanga unali utagona usiku wonse osatseka maso, manja akunjenjemera.

Ndili mkati mowerenga, ndinaiona. Yoyera, yowongoka, itapanidwa bwinobwino kuseri kwa khutu la adalaivala. Malovu anadzaza m'kamwa. Ndinati kusuta ayi, ndinalonjeza, koma kununkhiza sindinalonjeze munthu. Ndinasendera pang'ono. Ndinasenderanso. Titaima pa maloboti ndinatsinzina, n'kukoka mpweya wautali, mphuno itatsala pang'ono kugunda khutu la bambo wa eni.

Mabuleki aja! Makobiri onse anamwazikira pansi pa mipando. Adalaivala anadzikanikiza kuchitseko akukalipa m'Chizulu, ndipo ngakhale Chizulu changa n'chogulira buledi basi, ndinamva kuti akufunsa ngati ndili bwinobwino m'mutu. Amayi ena kumbuyo anayamba kupemphera. Ndinatembenuka kuti alamu andiyankhulire, koma iwo anali kalikiliki kuyang'ana pawindo, kuwerenga zikwangwani za mumsewu.

Ndinaloza khutu lija n'kunena kuti ndangosiya kumene fodya. Adalaivala anatulutsa chinthucho n'kuchitambasula pamaso panga. Inali lisiti ya petulo, yokulungidwa.

Anaseka mpaka kumenya chiwongolero. Akuti iwo anasiya mu 2020, boma litaletsa kugulitsa fodya kuyambira Malichi mpaka Ogasiti, mitengo yamseri itakwera mosayenera. Anandigwira chanza monga mnzawo wa pankhondo, kenako anati tiwerenge ndalama. Zinaperewera, ndipo zimene ndinawonjezera za m'thumba mwanga zikanagula paketi yathunthu n'kutsala chenji.

Chondipweteka n'chakuti fungo la fodya ndinalimvadi palisitipo. Mpaka lero ndingalumbire.

Madzulo ake alamu, amene sankandidziwa m'takisi muja, anali atafotokoza kale zonse pa WhatsApp. Mayi a kunyumba anaimba foni. Sanafunse ngati ndavulala kapena ngati ndasuta.

"Bambo a Chikondi, ndingomva chabe: linali khutu lakumanja kapena lakumanzere?"