Chitini cha agogo ku Mufakose

Agogo anga aamuna atamwalira, tinapeza pansi pa bedi lawo ku Mufakose, dera la mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, chitini cha mabisiketi chimene chinali chitachita dzimbiri m'mbali. Titachitsegula, abale ena anati zonse zitayidwe chifukwa munalibe chilichonse chogulika. Munali makobiri akale, chitupa chong'ambika m'mene ankachipindamo, matikiti a sitima, ndi makalata ochokera ku Dedza omangidwa ndi kansalu ka chitenje. Agogo aakazi anangotambasula manja osayankhula, n'kuchiika chitinicho pamiyendo pawo, ndipo nkhani yotaya inathera pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikulingalira chimene chimachititsa munthu kutolera zinthu ndi kuzisunga zaka zochuluka, ngakhale zitasiya kugwira ntchito imene zinapangidwira. Ndafika pokhulupirira kuti ambiri amasunga zinthu zoterezi ngati mboni, makamaka anthu amene anasiya kwawo n'kukakhazikika kudziko la eni, kumene mawu a pakamwa pawo okha sankakwanira kutsimikizira kuti iwo ndi ndani.

Agogo aamuna anabwera kuno kuchokera ku Dedza m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Khobiri limene ndimalikonda kwambiri ndi la nthawi imeneyo. Lili ndi bowo pakati, njovu ziwiri zaimirira m'mbali mwa bowolo, ndipo lasalala ndi zala mpaka malemba ake akuwerengeka movutikira. Pafupi nalo panali tambala wa ku Malawi, ndalama imene inayamba kugwira ntchito mu 1971. Agogo sakanagula nayo kanthu mu Harare, komabe anaisunga pamodzi ndi makalata. Pa chitupa ndiye palibe chodabwitsa, pakuti ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi anakula ndi zitupa zolembedwa kuti "alien", kutanthauza mlendo, ngakhale anabadwira konkuno, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anawavomereza kukhala nzika. Munthu wokhala m'moyo wotere sataya pepala.

Inenso ndili ndi zanga. Mu envelopu ina ndinasungamo ndalama zamapepala za m'zaka za mavuto pamene ndalama ya Zimbabwe inatha mphamvu, kuyambira ma bearer cheque (macheke amene ankagwira ntchito ngati ndalama) mpaka pepala la madola 100 trillion limene linatuluka mu Januwale 2009. Alendo amagula mapepala amenewa ku Victoria Falls ngati chinthu chodabwitsa, ndipo sindiwadzudzula, koma ine ndikawayala pathebulo ndimaona mayi anga akuchokera ku msika waukulu wa Mbare Musika ndi chikwama chodzaza ndalama koma dengu lopanda ufa. Pepala ndi lomwelo, koma zimene limanena zimadalira amene waligwira.

Pali kusiyana pakati pa kusunga chako ndi kutenga cha mwini kuti udzaze kabati yako. Mbalame zamwala za ku mabwinja a mzinda wakale wa Great Zimbabwe, zomwe zilipo 8, zinachotsedwa pamalo ake kuyambira 1889 ndi anthu amene nawonso ankadzitcha otolera zinthu zakale, ndipo zinatengera zaka zambiri kuti zibwerere: zinayi zinachokera ku South Africa mu 1981, ndipo theka la ina linachokera ku Germany n'kulandiridwa mu 2003. Kumene zinali anazisamala ndithu, koma anazisiyanitsa ndi anthu amene akanatha kufotokoza tanthauzo lake, ndipo kwa ine kumeneko ndi kuwononga.

N'chifukwa chake ndinayamba kupita ku Mufakose Loweruka lililonse masana. Ndimayala mphasa pakhonde, ndimatulutsa chinthu chimodzi m'chitini, ndimatsegula foni kuti ijambule mawu, kenako ndimafunsa. Agogo amayamba achitembenuza m'manja kwa kanthawi asanayankhe. Tikiti ina anati ndi ya ulendo umene agogo aamuna anapita kumudzi kukalira maliro a mayi awo, koma anafika ataikidwa kale. Kalata ina anaikana kuti ndisaiwerenge, ndipo ndinaibweza osafunsanso.

Loweruka lapitali ndinatulutsa kiyi wamng'ono wamkuwa amene anali pansi penipeni, womangidwa ndi ulusi wakuda. Ndinafunsa kuti, "Agogo, nanga kiyi uyu ndi wa chiyani?" Anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, ameneyo ndi wa sutikesi imene agogo ako anabwera nayo kuchokera kumudzi. Sutikesiyo inaola kalekale tili ku Highfield, konkuno ku Harare, koma iwo anati kiyi sataya, poti tsiku lobwerera lidzakwana." Anandipatsa kiyiyo m'manja, n'kupinda zala zanga ndi zawo, nati ndikadzapita ku Dedza ndidzamutenge.