Lachitatu usiku, nkhani ya Akhenaten ikukanabe kutha

Pa phunziro la Baibulo madzulo ano mnyamata wina waumirira kuti Mose anangobera nzeru ya Mulungu mmodzi kwa Akhenaten, mfumu ya ku Ejipito. Abusa amudula: "Ayi mwanawe, Aisraeli ankadziwa Mulungu mmodzi kuyambira kalekale." Mayankho awiriwa akundisowetsa tulo, chifukwa onse afupikitsa nkhani yaitali.

Akhenaten analamulira Ejipito cha m'ma 1353 mpaka 1336 Khristu asanabadwe. Anatseka akachisi a Amun, mulungu wamkulu wa Aejipito, natuma amisiri kukafufuta dzina la mulunguyo pazipilala, n'kumanga mzinda watsopano ku Amarna wolambiriramo Aten, dzuwa. Koma Aten anali wa mfumu ndi banja lake, munthu wamba ankamufikira kudzera mwa iwo. N'chifukwa chake m'nyumba za antchito ku Amarna komweko ofukula anapezamo zithumwa za milungu ina, Bes ndi Taweret. Patangopita zaka zochepa mfumuyo itafa, mfumu yatsopano Tutankhaten inasintha dzina kukhala Tutankhamun, mzinda n'kusanduka bwinja. Wobera akanabera chiyani pamenepo?

Komatu za abusa ndiye zandivuta kwambiri, mwina poti azinena mosakayika. Ku Kuntillet Ajrud, m'chipululu cha Sinai, anafukula mitsuko ya cha m'ma 800 Khristu asanabadwe, yolembedwa madalitso m'dzina la Yehova wa ku Samariya ndi Asera wake, dzina la mulungu wamkazi. Pa Oweruza 11:24 Yefita akulankhula za Kemosi ngati mulungu amene amapatsadi anthu ake dziko. Ndipo cha m'ma 622 Khristu asanabadwe, Mfumu Yosiya anatulutsa fano la Asera m'kachisi mwenimweni mwa Yerusalemu (2 Mafumu 23). Simungatulutse chimene mulibe. Kulambira mmodzi n'kwina, kunena kuti enawo kulibe n'kwinanso.

Kwa ine zinthu zinatembenukira pa 586, Ababulo atawotcha kachisi. Masiku amenewo mzinda ukagwa ankati mulungu wake wagonja. Aneneri anakana, nati Yehova yemweyo ndiye watuma Nebukadinezara. Ukatero, ndiye kuti Marduk, mulungu wa Ababulo, watsala wopanda ntchito. Mawu osapsatira akuti palibenso wina achuluka pa Yesaya 40 mpaka 55, pamene ngakhale Koresi wa ku Perisiya, wolanda Babulo mu 539, akutchedwa wodzozedwa wa Yehova.

Ngakhale apo sizinathe. Ayuda a pachilumba cha Elephantine, pamtsinje wa Nile, m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe anali ndi kachisi wawowawo, ndipo pamndandanda wa zopereka pali za Yahu, ndiye Yehova, pomwepo palinso za mulungu wamkazi Anat-Bethel. Amenewa abusa akanawaika mbali iti, kaya.