Mmene tinakwezera njerwa ndi daka pamwamba ku Cosmo City

Popeza nyumba imene tinkamanga ku Cosmo City, kuno ku Joni, yafika pa denga ndipo mtima wanga wakhala pansi, ndifotokoze mmene tinakwezera katundu ku chipinda cha pamwamba. Bwalo linali lopanikiza kwambiri moti sitikanatha kuyala matabwa oyendetsapo wilibala, ndipo anyamata awiri amene ankakwera makwerero atasenza ndowa anali atayamba kale kudandaula msana.

Poyamba ndinaganiza zokabwereka gudumu lokokera chingwe lija amisiri a kuno amati gin wheel. Ndinakwera matakisi awiri kudzera pa renki ya Bree, ndipo nditaima pamzere ola lathunthu pa shopu ina yobwereketsa zida, anandiuza kuti pasipoti yokha siikwanira, akufunanso kalata yotsimikizira kumene ndimakhala. Kodi munthu wochita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake kalata yotereyo angaitenge kuti? Ndinawapempha kuti aimbire mwini nyumba imene tinkamangayo, koma anakana ngakhale kuyang'ana nambala. Ndinabwerera chimanjamanja dzuwa litapendeka, daka amene anakandidwa m'mawa atauma gwa, pomwe anyamata ankayembekezera malipiro a tsiku lonse.

M'mawa mwake tinapanga lathu. Tinachotsa tayala pa gudumu la wilibala yakale, chifukwa mphako ya limu imagwira chingwe bwino. Pamwamba pa silabu tinaimika mapolo awiri a bulugamu mopingasa, ndipo lachitatu tinaligoneka pa mphanda yawo, nsonga yake itatulukira kunja kwa khoma pafupifupi mita imodzi, ndipo pa nsongayo tinapachika gudumulo. Polumikiza mapolo gwiritsani ntchito mabawuti, chifukwa misomali imazuka pang'onopang'ono katundu akamagwedera. Kumbuyo kwa polo logonalo tinamangirirako matumba a mchenga olemera kuposa katundu wokwezedwa kangapo.

Ndowa ya malita 20 yodzaza daka imalemera makilogalamu pafupifupi 40, choncho ife tinkathira theka lokha, ndipo njerwa tinkaika zochepa m'kabokosi ka matabwa kokhala ndi m'mbali. Ndaiwala kunena kuti tisanayambe tinayesa kaye ndi thumba la simenti la makilogalamu 50, aliyense ataima patali, ndipo apa ndi pamene msomali umodzi umene mnyamata wina anakhoma mobisa unasololoka. Ndi chifukwa chake ndikubwereza kuti mabawuti okhaokha, okhala ndi mawashala mbali zonse.

Wokoka chingwe aziima chapambali, asakhale pansi pa ndowa, ndipo azivala magolovesi. Mvula ya masana ya kuno ku Joni imabwera ndi ziphaliwali, choncho mitambo ikangoda tinkatsitsa ndowa, kumasula chingwe kuti chisanyowe, ndi kutsika tonse pa silabu. Mabawutiwo ndinkawakunganso ndi sipanala m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene tinagwetsa mapolowo.