Nambala imene inatsala pang'ono kupita ku Luxembourg

Ndikulemba izi Loweruka m'mawa, mtima usanatsike. Anzanga amene mumasonkhanitsa mitengo ya gasi m'maofesi a ziwerengero a mayiko a European Union mukudziwa kale kuti sabata yomaliza ya Seputembala siigonetsa tulo. Lamulo la European Union la 2016/1952 limatipatsa miyezi itatu yokha theka la chaka likatha, ndiye mitengo ya Januwale mpaka Juni iyenera kukhala itafika ku Eurostat, ofesi ya ziwerengero ya European Union imene ili ku Luxembourg, pofika pa 30 Seputembala. Kwathu tinadziikira Lachisanu kuti fayilo ituluke. Ndati "tinadziikira", koma chaka chino ntchitoyi ndinali nayo ndekha. Tinalipo atatu m'chipinda muno. Mmodzi anapuma pa ntchito, wina anamusamutsira ku mitengo ya magetsi, ndipo pa mipando yawo pano timaikapo makatoni.

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zamasiku onse. Kuimbira makampani ochedwa, kumva kuti amene amadzaza fomu ali pa tchuthi. Kampani ina yaing'ono inatumizanso kuchuluka kwa gasi m'ma cubic metre ngati kuti fomuyo sinalembe GJ (gigajoule, muyeso wa mphamvu ya gasi) pamwamba pa mzere uliwonse. Ina inaphatikiza gasi amene inagulitsa ku malo opangira magetsi, amene saloledwa kulowa m'mitengo imeneyi, ndipo ndinamuchotsa. Gulu la I6, la mafakitale odya gasi woposa 4 miliyoni GJ pa chaka, ndinalibisa monga mwa nthawi zonse, chifukwa ogula ake ndi owerengeka moti aliyense angadziwe kuti mtengowo ndi wa ndani. Zonsezi sizikanandilembetsa kanthu.

Lachitatu masana kunafika fayilo ya kampani imodzi mwa zikuluzikulu, imene imagulitsa gasi ku nyumba zambiri kuposa ena onse pa mndandanda wathu. Ndinailowetsa mu pulogalamu yofufuzira zolakwika, ndipo mizere yonse inatuluka yobiriwira. Ndikanakhala wotopa pang'ono kuposa mmene ndinalili, ndikanadzuka n'kukatenga khofi. Chimene chinandiimitsa ndi gulu la D2. Makampani ena onse mtengo wawo unali pomwepo kapena utatsikako pang'ono poyerekeza ndi theka lapitalo, koma iyi yokha unali utakwera ndithu. D2 si gulu loliseweretsa. Ndi la nyumba zogwiritsa ntchito gasi wa pakati pa 20 ndi 200 GJ pa chaka, kunena kwake zimene zimatenthetsa nyumba ndi gasi, ndipo ndi limene Eurostat imaika patsogolo poyerekeza mayiko, monga momwe imachitira ndi I3 kumbali ya mabizinesi. Nambala ya D2 ndi imene mtolankhani amatola.

Ndinatsegula tsamba la kampaniyo pa intaneti, n'kutenga mitengo imene imauza makasitomala ake, n'kuwerengetsa pamanja bilu ya nyumba wamba: ndalama yokhazikika ya pamwezi, ndalama ya mapaipi, ndi mtengo wa gasi weniweniyo. Nditagawa zimene anatitumizira ndi zimene ndinapezazo, yankho linali pafupifupi 1.11. Ndinayesa I2, gulu lina la mabizinesi, 1.11. I3, chimodzimodzi. Msika sukwera mofanana chonchi m'magulu onse, mtengo wa fakitale ndi wa nyumba sayendera limodzi ngati asilikali pa perete. Kenako ndinayang'ana kuchuluka kwa gasi amene akuti anagulitsa, n'kuyerekeza ndi zimene oyendetsa mapaipi anatipatsa za kampani yomweyo. Zinali 0.90. Pamenepo thupi linachita tsembwe, chifukwa nambala ziwirizi ndimazidziwa ngati dzina langa.

Gasi akamayaka amatulutsanso nthunzi ya madzi, ndipo nthunziyo imachoka ndi kutentha kwake. Ukawerengera kutentha konse, kuphatikizapo kumene ungapeze nthunziyo itasandukanso madzi, ndiye GCV. Ukakusiya, ndiye NCV, ndipo pa gasi wa m'mapaipi NCV imachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Mitengo yathu lamulo limafuna pa GCV. Munthu wina ku kampaniyo anatenga ndalama zolondola n'kuzigawa ndi gasi wowerengedwa pa NCV. Tiyerekeze nyumba yalipira ma euro 900 pa gasi wa 50 GJ, ndiye kuti GJ imodzi ndi ma euro 18. Gasi yemweyo ukamulemba kuti 45 GJ, mtengo wasanduka 20, chikhalirecho palibe amene walipira ngakhale senti imodzi yoonjezera.

Ndinapita kwa abwana ndi mapepala awiri m'manja. Anandimvetsera ali maso pa kompyuta yawo.

"Koma pulogalamu yavomera, si choncho?"

"Yavomera, bwana, chifukwa malire ake ndi a 2022 aja."

Nkhani ya malirewa ndi imene imandipweteka kwambiri. M'chaka cha 2022, pamene mtengo wa pa TTF, msika waukulu wa gasi wa ku Netherlands, unadutsa ma euro 300 pa MWh (megawatt-hour) mu Ogasiti, fayilo iliyonse inkatuluka yofiira, ndipo chifukwa chake chinali chenicheni: mitengo inalidi kuuluka. Tinafutukula malire kuti ntchito iyende. Zinali zanzeru pa nthawiyo. Msika unakhazikika, malire anakhala momwemo, otambalala moti ngolo ingadutsepo. Amene ankadziwa kuwabwezeretsa ndi bambo aja anapuma pa ntchito. Ine ndinalembapo kalata kamodzi kupempha kuti akonzedwe, sanandiyankhe, ndipo sindinalondolenso. Mbali imeneyo ndi yanga, ndikuivomera.

Abwana anayamba aganiza kuti mwina ndi thandizo la boma limene latha. Sindiwadzudzula kwambiri pa ganizo limenelo, chifukwa zaka zimenezi zatizoloweza kuti nambala ikadumpha timayamba kuloza ku boma. Anzathu a ku Germany anaona VAT ya gasi ikutsika kuchoka pa 19 kufika pa 7 peresenti mu Okutobala 2022, n'kubwereranso Malichi 2024 atatha, ndiye kawiri konse theka la chaka linali ndi misonkho iwiri. A ku Netherlands mu 2023 anali ndi denga la mtengo la 1.45 euro pa cubic metre kufikira ma cubic metre 1,200. Dziko lililonse linali ndi mutu wake woliwawa, ndipo thandizo lina linkalembedwa ngati msonkho wochotsera. Koma n'chifukwa chake timapereka mitengo itatu: wopanda msonkho uliwonse, wopanda VAT ndi misonkho ina yobwezedwa, ndi wa zonse pamodzi. Kudumpha kwa kampaniyi kunali kale mu mtengo woyambawo, boma lisanaikepo dzanja.

Atamva zimenezo anati, "Chabwino. Tumizani momwemo, muike chizindikiro choti ndi zongoyembekezera. Tidzakonza mu Malichi."

Apa ndiye ndinapsa mtima, ngakhale mawu sindinakweze. Chizindikiro chimenecho ndi kachilembo kamodzi pambali pa nambala. Chimakhala mu database, sichikwera nawo pa mutu wa nkhani m'nyuzipepala. Nambala ikatuluka, wina ku nyumba ya malamulo aimirira nayo kunena kuti mabanja akulipira zambiri kuposa oyandikana nawo, bungwe la mafakitale liitenga kukapempha kuti misonkho itsike, ndipo pofika Malichi palibe amene adzabwerere kukaona kuti tinaisintha. Madzi akatayika saoleka. Ndinawauza kuti, "Bwana, fayilo iyi ikapita chonchi, ipite ndi dzina lanu. Ine sindisainira."

Anakhala chete, kenako anabwera ndi njira yachidule: tingochulukitsa mitengo ya kampaniyo ndi 0.9 basi. Pa I3 zikanayandikira. Pa nyumba ayi. Gasi akachepetsedwa ndi gawo limodzi mwa khumi, si mtengo wokha umene umasokonekera, mizere yogawa magulu nayonso imasuntha. Nyumba iliyonse imene imagwiritsa ntchito pakati pa 20 ndi 22 GJ inali itagwera mu D1, gulu la ongophikira ndi kutenthetsa madzi. Mu D1 mtengo pa GJ umakhala wokwera chifukwa ndalama yokhazikika ija imagawidwa pa gasi wochepa, ndiye nyumba zolowererazo zinabweretsa mtengo wotsikirapo n'kusungunula gulu lonse. N'chifukwa chake D1 yokha sinaonetse 1.11, ndipo gasi wake anaoneka wochuluka pamene wa kampani yonse watsika. Kumtunda nakonso ena a D3 anatsikira mu D2. Kuonjezera apo, kulemera kwa kampaniyo pa avareji ya dziko kunali kutachepa, popeza timayeza ndi kuchuluka kwa gasi wogulitsidwa. Zimenezi sungazikonze ndi kakyuleta. Kampani iyenera kugawanso makasitomala ake kuchokera pa mabilu.

Lachinayi lonse linathera pa foni. Nditadutsa anthu anayi ndinafika kwa mayi wina wachitsikana amene anadzaza fomuyo. Wangoyamba kumene ntchito, ndipo anamupatsa fomu popanda womulongosolera. Anati kampani yawo inasintha pulogalamu ya mabilu, ndipo mu pulogalamu yatsopanoyo anapeza mizere iwiri ya GJ, n'kusankha imene amagwiritsa ntchito pa lipoti la utsi wa kaboni, kumene NCV ndiyo yozolowereka. Mawu ake ankanjenjemera. Ndinamuuza kuti, "Mayi, musadandaule, ngakhale ine mizere iwiriyo ikanandizunguza. Mungondithandiza kuti a kompyuta anu ayendetsenso usiku uno." Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu, koma mwanayu sindimuimba mlandu. Kwawo nakonso achotsa anthu odziwa n'kusiya mmodzi, ngati kwathu kuno.

Fayilo yokonzedwa inafika 9 koloko usiku. Ndinali ndidakali muofesi, magetsi a m'khonde atazima okha. Gasi anagwirizana ndi wa oyendetsa mapaipi, D1 inabwerera kukula kwake, ndipo mtengo wa dziko wa D2, umene ukanaoneka ngati wakwera, unatsala pafupifupi pamene unali. Lachisanu ndinasinthira zonse ku kWh kuti ndione ngati zikumveka ndi maso a munthu wolipira bilu, GJ imodzi kukhala 277.8 kWh, ndinalemba ndemanga, n'kutumiza 4 koloko isanakwane. Abwana analemba imelo yothokoza "gulu lonse la mitengo ya gasi". Ndinayang'ana makatoni aja.

Pempho loti malire a pulogalamu abwezeretsedwe ndalitumizanso, ndipo ulendo uno andiyankha: alionera pokonza bajeti ya chaka chamawa.

Pali chinthu chimodzi chimene mayi uja ananena mongodutsa, ndipo ndi chimene chandidzutsa m'mamawa lero. Pulogalamu yawo ya mabilu anaisintha mu Novembala. Ndiye kuti m'fayilo ya Julayi mpaka Disembala, imene tinatumiza mu Malichi ndipo inasindikizidwa kalekale, mwina muli miyezi iwiri ya NCV, miyezi yozizira imene gasi amagulidwa kwambiri. Fayilo imeneyo ndinasainira ndine. Ndaisindikiza pa pepala, ili pa desiki, ndiyamba nayo Lolemba.