Nsomba ndi sukulu yake

Lachitatu madzulo.

Magetsi anazima cha m'ma 5 koloko, ndiye Chisomo anatulutsa makope ake pakhonde kukadali kowala. Ndinaona kuti akuphimba tsamba lina ndi chikhatho, ndipo ndinadziwiratu kuti pamenepo pali inki yofiira. Funso linali loti amalize mawu akuti "a ... of fish". Iye analemba "group". Aphunzitsi anamuthetha n'kulemba pamwamba kuti "school".

"Adadi, kodi nsomba zimapita kusukulu?"

Agogo ake, amene ukalamba wawapezera pa usodzi wa usipa ku Nkhotakota, anali pamkeka akusenda chinangwa. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti usipa ukanakhala wophunzira sibwenzi ukuthamangira nyali usiku uliwonse n'kukathera mu chilimira.

Ine ndinaseka nawo, koma pansi pamtima zinandiwawa. Mwanayu sanalakwe. "Group of fish" ndi Chingerezi chabwinobwino, Mngelezi aliyense angamve. Ndipo inenso, amene ndinaloweza mndandanda womwewu wa mayina a magulu a nyama ndili Sitandade 7, sindinafunsepo kuti sukuluyi inalowa bwanji m'madzi. Ndinatenga dikishonale yanga yakale ija yothothoka chikuto, ndi foni imene batire inali itatsala pang'ono, n'kuyamba kufufuza mayi ake akusonkha mbaula.

Zimene ndinapeza n'zakuti awa ndi mawu awiri osiyana, angofanana nkhope ngati anthu obadwa midzi yotalikirana. "School" ya nsomba inalowa m'Chingerezi cha m'ma 1400 kuchokera ku Chidatchi chakale, ku mawu akuti "schole", otanthauza khamu kapena chigulu. Mulibe mphunzitsi, mulibe choko. Mpaka lero anthu a ku Netherlands amati "school" akamanena chigulu cha nsomba. Mbale wake weniweni ndi mawu ena aja akuti "shoal", amenenso amanena gulu la nsomba. Pomwe "school" ya mayunifolomu ndi mabelu inachokera kwa Agiriki, inadzera m'Chilatini ngati "schola", n'kufika kwa Angelezi, kenako kwa ife n'kukhala sukulu.

Chinandikoka kwambiri ndi chakuti akatswiri a nsomba amasiyanitsa "shoal" ndi "school". Nsomba zikangokhala pamodzi, iyi ikudya uku ina ikuyang'ana uko, amati "shoal". Zikayamba kusambira molunjika kumodzi, liwiro limodzi, kukhota nthawi imodzi ngati zili ndi mutu umodzi, ndiye "school". Nditawafotokozera agogo anasiya mpeni. Anati zimenezo sakufunika buku kuti azidziwe. Usipa umene ukungoyendayenda ndi wina, koma ukadzidzimuka umagwirana n'kutembenuka onse pamodzi, madzi n'kung'anima ngati wina waponya malata. Siginala, uja amakhala m'bwato la nyali, ntchito yake ndi kuwerenga zimenezi, ndipo akachedwa kuitana anzake usiku wonse wapita pachabe. Anayankhula nthawi yaitali, chinangwa chikuda m'mbale. Chisomo anamvetsera kuposa mmene amandimvera ine.

Mndandanda umene ana athu amaloweza uli ndi mbiri yakenso. M'chaka cha 1486 ku St Albans, ku England, kunasindikizidwa buku la ulenje ndi kuweta mbalame zosakira, lotchedwa Book of Saint Albans, ndipo munali mayina ambirimbiri a magulu a nyama, monga "pride" ya mikango ndi "gaggle" ya atsekwe. Anali mawu a mabwana osaka nyama, odziwitsa kuti munthu anakulira m'nyumba yapamwamba, ndipo ena mwa iwo anali nthabwala chabe, moti ngakhale magulu a anthu anapatsidwa mayina oseketsa. Ndiye taonani, masewera a mabwana a zaka zoposa 500 zapitazo lero akumulanditsa malikisi mwana wanga. Ife timati gulu la nsomba, gulu la mikango, pena msambi wa nkhosa, ndipo palibe amene anasokerapo.

Sindikapita kukakangana ndi aphunzitsi. Mayeso amafuna "school", ndipo ndamuuza Chisomo kuti alembe zomwezo. Ndangomuonjezera kuti adziwe kuti yankho lakenso silinali bodza.

Cholakwa changa chinali kumuuza tanthauzo la mawu a Chigiriki amene anabala sukulu yathuyi, omwe nawonso ndi "schole". Poyambirira ankatanthauza nthawi yopuma, nthawi imene munthu alibe ntchito ndipo akhoza kukhala pansi n'kumakambirana nzeru ndi anzake. Mwana anandiyang'ana, n'kuyang'ana kope.

"Ndiye bwanji mumandidzutsa 5 koloko m'mawa kuti ndipite kokapuma?"

Mayi ake anaitana kuti nsima yapsa. Ndiwo zinali usipa wofutsa, ndipo agogo potapa anati tiyeni tidye ana a sukulu. Magetsi mpaka pano sanayake, ndikulemba izi ndi tochi ya foni.