Mkangano wa ku Barcelona ndi nkhani ya kulolerana

Usiku wathawu ndinagona mochedwa ndikuwerenga za mkangano umene unagawanitsa anthu okana ulamuliro wa boma, aja amatchedwa ma anarchist, ku Spain m'zaka za m'ma 1880. Onse ankagwirizana kuti boma ndi eni mafakitale asamalamulire munthu, koma ankakangana koopsa pa kagawidwe ka chuma. Ena ankati munthu azilandira molingana ndi thukuta lake, pamene ena ankati tirigu wa m'nkhokwe azigawidwa potengera zosowa za aliyense, ngakhale uja amene analima pang'ono.

Mu 1889 Fernando Tarrida del Mármol, yemwe anabadwira ku Cuba, anauza anzake ku Barcelona kuti aleke kudziphatika maina a timagulu, popeza amene akukana kulamulidwa alibe mphamvu yolembera anthu a m'tsogolo dongosolo limodzi lokha la chuma. Voltairine de Cleyre wa ku America anadzagwirizana ndi maganizo amenewa, nati madera osiyanasiyana aziyesa njira zawozawo. Kale mu 1860 Paul Émile de Puydt wa ku Belgium anali atapita patali koposa, ponena kuti munthu azilembetsa ku boma limene akufuna monga momwe amasankhira mpingo, osasamuka pakhomo pake.

Ine ndikugwirizana ndi Tarrida, koma de Puydt sanandikhutiritse. Anthu a mipingo yosiyana amatha kutunga pa mjigo umodzi, koma mjigowo ukawonongeka pamafunikabe kugwirizana kuti asonkhe ndani komanso ndalama zingati.